Makina ovotera a open source ndi pepala lovotera: macheza a pa gulu la kumudzi

Yamikani: Mwaswera bwanji nonse. Ndifunseko makamaka inu a Mphatso poti ndinu a makompyuta. Mnzanga wina kuntchito wakakamira kuti dziko lino tingosiya zochonga papepala tigule makina ovotera, bola pulogalamu yake ikhale open source ndiye kubera kutha. Open source yo nchani kwenikweni, ndipo nzoona kubera kungathe?

Che Joni: Kkkk kubera kutha? Tiyeni timve nawo

Mphatso wa IT: Taswera achimwene. Mwachidule pulogalamu iliyonse ili ndi malangizo amene munthu analemba owuza kompyuta chochita, timati source code. Makampani ambiri amabisa code yawo, umangogula nkumagwiritsa ntchito osadziwa mkatimo muli chani. Open source ndiye kuti code ija yayikidwa poyera, aliyense wodziwa atha kuyiwerenga mzere ndi mzere nkuona ngati muli kachinyengo kapena cholakwika. Pa zisankho ine ndimagwirizana nazo kwambiri, ndalama za misonkho zisamagule chinthu choti ngakhale ogulawo saloledwa kusuzumiramo. Koma zoti kubera kutha ayi, mnzanuyo wathamanga.

Nachisale: Wodziwa ndani? Ine mundipatse code yo ndiwerenga chani? Ndiye kuti tizingokhulupirira Mphatso mmalo mwa kampani basi

Mphatso wa IT: Funso labwino asisi. Kusiyana kwake nkwakuti odziwa aja amakhala ambiri ndipo samvana. Chipani chilichonse chitha kubweretsa wake, a ku yunivesite nawo, akunja nawo. Ku Switzerland 2019 a Swiss Post anatulutsa code ya pulogalamu yovotera pa intaneti kuti anthu ayiyese, akatswiri ena anapezamo bowo loti munthu wamkati akanatha kusintha mavoti osadziwika. Ikanakhala yobisa bwenzi atayigwiritsa ntchito choncho. Anayiyimitsa kaye nkukayikonza

Che Joni: Ndiye mwaona open source yagwira ntchito apo

Mphatso wa IT: Yagwira inde. Vuto lili apa. Code imene mwawerenga pa intaneti ndi imene ili mmakina a pa sukulu ya kwanu tsiku lovota, mudziwa bwanji kuti ndi imodzi? Wina atha kukuonetsani yoyera nkukalowetsa ina usiku. Pali njira zotsimikizira koma nazonso zimadalira kompyuta ina kuti ikuuzeni zoona

Madala Obanda: Ana inu nkhani iyi ndi ya sikelo ya mavenda a soya. Vendayo atha kukutsegulira sikelo kukuonetsa ma sipuling'i onse kuti taonani madala mulibe kanthu, koma mawa akabwera ndi ina yofanana utoto. Mlimi wochenjera amanyamula paketi yake ya shuga ya 1kg nkuyiyika kaye pasikelopo. Pa chisankho paketi ya shugayo ndi pepala limene wachonga wekha ndi dzanja lako

Nachisale: Madala mwaphatu apa

Aphunzitsi: Ndalowa mochedwa koma ndawerenga zonse. Ine ndinagwirapo ntchito pa senta yovotera ndiye ndikufuna anthu amvetse kuti kuno kuvota ndi kuwerenga timachita pamanja, makina sawerenga voti ya munthu. Nthawi yotseka ikakwana bokosi limatsegulidwa pomwepo mkalasi momwemo, mamonita a zipani ali pompo, timakhuthula mapepala pa madesiki tawalumikiza, kuwatambasula limodzi limodzi, kulikweza mmwamba aliyense aone kuti wachongedwa ndani, nkumaunjika milu milu. Likapezeka lochonga pawiri kapena wina walembapo mawu mkangano umabuka pompo mpaka tigwirizane kuti ndi lowonongeka kapena ayi. Kunja kwada, nyali ili pakati, udzudzu ukuluma, koma palibe amene angalowetse pepala mthumba anthu onsewo akuyang'ana. Pamapeto manambala amalembedwa pa fomu, mamonita amasayina nkupatsidwa kope yawo, ina imamatidwa pakhoma. Gawo limeneli ine ndimalikhulupirira ndi mtima wonse. Mavuto amayamba fomu ija ikachoka pasukulupo

Yamikani: Ndiye tippex uja analowera pati aphunzitsi?

Aphunzitsi: Pamafomu pomwepo mwana wanga, osati pamapepala ovotera. 2019 ija nkhani inali mafomu a zotsatira, aja ankati 66C. Ena ofufutidwa ndi tippex, ena ma duplicate mmalo mwa enieni, ena osasayinidwa. Khoti la majaji asanu lija pa 3 February 2020 linafafaniza chisankho cha pulezidenti nkulamula china pasanathe masiku 150, ndiye tinavotanso pa 23 June. Ndipo kusiyana kwa a Mutharika ndi a Chakwera mu 2019 kunali mavoti pafupifupi 159,000 okha

Che Joni: Eeeh ndiye mukundithandiza ine. Zonsezo zinachitika PAPEPALA. Tippex samata pa kompyuta. Pepala lomwe mukulitamalo ndi lomwe linatigwetsa mmavuto miyezi yonse ija ya mademo

Sisi wa ku Leeds: Che Joni taganizani bwino. Tippex anaoneka chifukwa anali papepala. Majaji anagwira mafomuwo ndi manja nkuona poyera pamene pafufutidwa. Munthu akasintha 120 kukhala 420 mkati mwa seva, kompyuta yaikulu yosunga zotsatira, pamatsala chipsera chanji choti inu ndi ine tione? Pepala silinaletse zolakwika koma linasunga umboni, mlandu uja unapambanidwa ndi umboni umenewo

Che Joni: Seva imasunga ma log sisi

Mphatso wa IT: Imasunga inde mbiri ya zonse zochitika mkatimo, ndiwo ma log wo, koma amene ali ndi makiyi a seva athanso kuwafufuta kapena kukana kukuonetsani. Ku Kenya 2017 khoti lalikulu linalamula kuti bungwe lawo la zisankho IEBC litsegule ma seva odandaula aone, sanatsegule mokwanira, ndipo ichi nchimodzi mwa zimene zinapangitsa kuti mkulu wa majaji a David Maraga ndi anzawo afafanize chisankho cha pulezidenti pa 1 September. Musayiwalenso kuti mkulu woona za makompyuta ku bungwelo, Chris Msando, anapezeka ataphedwa kutatsala masiku ochepa kuti avote. Ukayika chisankho chonse mmutu mwa anthu awiri atatu odziwa ma password wawayika pa mpeni anthuwo

Nachisale: Mayo ine zoopsa

Mphatso wa IT: Koma taonani zimene anachita 2022 ku Kenya komweko. Fomu ya senta iliyonse, amati 34A, ankayijambula nkuyiyika pa intaneti poyera, masenta oposa 46,000. Aliyense wa data amatha kutsitsa nkuwonkhetsa yekha. Mkangano unalipobe mpaka kukhoti koma manambala a pa senta anali pambalambanda. Kwa ine teknoloje yothandiza ndi imeneyi, kufalitsa pepala osati kulowa mmalo mwa pepala

Madala Obanda: Nanga za makina a kampani ya Smartmatic zija zinatisowetsa tulo chaka cha 2025 zinali zotani? Ine mpaka lero sindimvetsa kuti makinawo ankachita chani

Aphunzitsi: Anali olembera anthu mkaundula, kuzindikira wovota akafika, ndi kutumizira zotsatira. Sanali ovotera madala. Zipani zotsutsa zinkafuna kuti akatswiri oyima paokha aunike makinawo, MEC sinalole mmene ankafunira, ndiye chikayiko chinakula. Tinavota pa 16 September papepala monga kale, zotsatira za pulezidenti zinatuluka pa 24, a Mutharika 56.8%

Che Joni: Kkkkk amene ankawaopa kwambiri makinawo ndi amene anawina. Pano ziii palibe akutchulanso audit

Admin: Che Joni chonde tisalowe za zipani, gulu lino tinagwirizana kale. Nkhani ya makina pitirizani

Che Joni: Pepani bwana admin koma sindinatchule mtundu wa nsalu kkk

Sisi wa ku Leeds: Koma pali mfundo mu nthabwala yakeyo. Nkhani younika makina timayikumbuka chisankho chikayandikira ndipo amafuula ndi amene akuopa kuluza. Chikadutsa tonse tagona. Pomwe nthawi yabwino yokhazikitsa lamulo loti pulogalamu iliyonse ya zisankho izikhala yotseguka ndi pamene palibe amene akudziwa kuti lidzapweteka ndani

Mphatso wa IT: Ndendende. Ndipo code ikanakhala yotseguka kuyambira pachiyambi mkangano wa audit sukanakhalapo nkomwe, aliyense akanangowerenga. Kubisa kumabala mphekesera ngakhale mulibe kanthu mkatimo. Za Smartmatic yomweyo pali nkhani yodabwitsa, ku Venezuela 2017 kampaniyo yokha inatuluka poyera kunena kuti chiwerengero cha ovota chimene boma linalengeza chinakwezedwa ndi mavoti osachepera 1 miliyoni. Ndiye nthawi zina makina amanena zoona koma wolengeza nkunena zake

Yamikani: Ok ndiye mnzanga uja akati makina ovotera amene amatulutsa kapepala? Akuti ku India ndi mmene amachitira

Mphatso wa IT: Eya amati VVPAT. Ukadina batani la munthu wako kamakina kena pambali kamasindikiza kapepala kolembedwa dzina ndi chizindikiro, umakaona pagalasi masekondi 7 kenako kamagwera mbokosi lomata. Sukagwira, supita nako kunyumba. Khoti lalikulu la kumeneko mu 2019 linalamula kuti mdera lililonse la phungu wa nyumba ya malamulo ya chigawo aziwerenga timapepalato mmasenta 5 osankhidwa mwamwayi nkufananiza ndi zimene makina anena. Otsutsa amati 5 njochepa, ndipo code ya makina awo njobisa

Nachisale: Bwanji osangomupatsa munthu risiti yake apite nayo ngati ku shopu, kuti pakavuta tonse tibweretse tiwerenge?

Aphunzitsi: Ayi ayi mayi, pamenepo ndiye mwagulitsa dziko. Risiti yosonyeza amene wavotera ikatuluka panja, pa geti padzakhala munthu ndi chikwama cha ndalama kuti onetsa ulandire. Bwana kuntchito adzafuna kuona, mwamuna kunyumba adzafuna kuona ya mkazi wake, a mfumu adzati amene alibe risiti yakuti asayembekezere kulembedwa pa chimanga. Voti imayenera kukhala yachinsinsi mpaka iwe mwini usathe kutsimikizira munthu wina kuti unavotera uje. Nchifukwa chake kujambula pepala lako ndi foni mkachipinda kaja nkoletsedwa

Nachisale: Sindinaganize mbali imeneyo. Koma ya mwamuna ndi mkaziyo ndiye yoona heavy

Che Joni: Ine sindikugonjabe. Ndalama timatumiza pa foni tsiku ndi tsiku, ine kuno ku Joni ndikatumiza mayi amalandira pa mphindi zochepa. Ngati timakhulupirira makina ndi ndalama zathu, voti njoposa ndalama?

Mphatso wa IT: Ndalama ili ndi dzina achimwene. Ikasowa mayi amakuyimbirani kuti sizinafike, mumatenga nambala ya transaction nkukadandaula, amayitsata nkubweza. Voti ilibe dzina dala, monga anenera aphunzitsi. Ikasinthidwa mkati palibe angadziwe kuti yake ndi imene yasintha, ndipo sungabweze pambuyo poti wina walumbira kale

Che Joni: Nanga Brazil? Nanga Estonia amavota pa laputopu ali pabedi?

Mphatso wa IT: Zoona, Brazil anayamba makina 1996 ndipo pofika 2000 dziko lonse, alibe pepala la voti iliyonse, makina amangosindikiza zotsatira za pa senta potseka, ndipo zipani ndi mabungwe ena amaloledwa kuona code. Zotsatira zimatuluka usiku womwewo. Koma mwaona 2022 pulezidenti wa nthawiyo a Bolsonaro atakayikira makinawo panalibe milu ya mapepala yoti awerengenso anthu akuona nkuti nayi, ngakhale umboni wa kubera sunapezeke. Estonia anayamba 2005, code yambiri anayiyika poyera, koma ndi dziko la anthu osafika 1.5 miliyoni ndipo aliyense ali ndi ID ya chip yomwe amagwiritsa ntchito pa chilichonse. Ndipo ngakhale kumeneko pepala lilipobe kwa olifuna

Sisi wa ku Leeds: Kuno ku UK ndalama ali nazo zogulira makina aliwonse koma timavota ndi pensulo, kuchonga X papepala, ndipo amawerenga pamanja usiku wonse mmaholo a masewera. Ku Germany khoti lawo mu 2009 linaletsa makina amene ankagwiritsa ntchito ponena kuti nzika wamba azitha kutsata mmene voti yawerengedwera popanda kukhala katswiri. Netherlands nayo inawasiya nkubwerera ku pepala anyamata ena atasonyeza pa TV kuti makinawo ngosavuta kuwasokoneza

Aphunzitsi: Osapita kutali, Namibia pompa. Anali oyamba mu Africa kuvota ndi makina 2014, ochokera ku India, koma opanda kapepala kaja. Chitatha chisankho cha 2019 a Panduleni Itula amene analuza upulezidenti anapita kukhoti, ndipo khoti lalikulu linati kugwiritsa ntchito makina opanda pepala kunali kosemphana ndi malamulo, ngakhale silinachotse wopambanayo a Geingob pampando. Chigamulocho chinatuluka sabata yomweyo ya chathu chija cha February 2020. Anabwerera ku pepala

Madala Obanda: Mwalitama pepala mokwanira, tsopano ndikukumbutseni. 2014 khoti litalamula kuti mavoti a phungu wa Lilongwe City South East awerengedwenso, nyumba yosungira mabokosi ku Lilongwe inapsa asanawerenge. Pepala limapsa ana inu. Limanyowa, limasowa panjira

Mphatso wa IT: Nzoona madala, ndipo mpamene kompyuta imathandiza. Fomu ikajambulidwa pa senta pomwepo nkutumizidwa malo ambiri, mamonita nawonso ajambula ndi mafoni awo, wowotcha nyumba wachedwa. Wakuba azifunika kugonjetsa zonse ziwiri nthawi imodzi, pepala ndi kompyuta, ndipo zigwirizane. Chimodzi chokha nchosavuta

Yamikani: Ndiye inu mutapatsidwa mphamvu mungapange bwanji?

Mphatso wa IT: Kuchonga pamanja kukhale. Kuwerenga pa senta anthu akuona kukhale. Fomu iliyonse ijambulidwe iyikidwe pa intaneti usiku womwewo senta ndi senta osati kungotipatsa ma total a boma lonse. Pulogalamu yowonkhetsa ndi yotumizira ikhale open source ndipo ikhale ya dziko osati yobwereka kwa kampani imene contract ikatha imanyamuka ndi nzeru zonse. Ku America kuli bungwe losapanga phindu la VotingWorks limene makina ake ndi open source ndipo amawerenga mapepala enieni, ma county ena ku Mississippi amagwiritsa ntchito. Kenako lamulo lizikakamiza kutsegula mabokosi ena nkuwerenganso ngakhale palibe wadandaula. Ku Colorado anayamba 2017, amaponya madayisi pagulu kuti pasapezeke wosankha yekha mapepala oti aunikidwe, ndipo opikisana akayandikana kwambiri amaunika ochuluka

Sisi wa ku Leeds: Ku Georgia, chigawo china cha ku America konko, 2020 anachita kuwerenga pamanja mapepala onse pafupifupi 5 miliyoni, wopambana anakhala yemweyo. Amene sanafune kukhulupirira sanakhulupirirebe koma khoti linali ndi pogwira

Nachisale: Ine ndili ndi dandaulo lina. Malume anga saona. Ulendo wina anachita kulowa ndi mdzukulu kuti awachongere, atabwera kunyumba ankangoti kaya mwanayu wachonga pomwe ndinamuuza. Kwa anthu ngati amenewa makina olankhula mmakutu sangakhale abwino kuposa pepala?

Mphatso wa IT: Angakhale abwino kwambiri, ndipo alipo. Munthu amavala mahedifoni, makina amamuwerengera mayina, iye nkusankha, kenako amasindikiza pepala lenileni lomwe limalowa mbokosi limodzi ndi ena onse. Makinawo amakhala cholembera chabe, chowerengedwa ndi pepala

Aphunzitsi: Palinso kachikuto kokhala ndi mabowo ndi timadontho kamene amalowetsamo pepala kuti wosaona apapase yekha pochonga. Muziwauza azifunsa akafika pa senta, ambiri sadziwa kuti kaliko

Che Joni: Chabwino mwandipanikiza ambiri. Koma kudikira masiku 8 kuti tidziwe wowina ine zimandipweteka mutu, mphekesera zonse zimabadwa masiku amenewo

Aphunzitsi: Kuwerenga sikuchedwa, pa senta timamaliza usiku womwewo. Chimachedwa ndi kunyamula mafomu, kuwonkhetsa ndi kumva madando. Mafomu atakhala pa intaneti ngati ku Kenya mawayilesi atha kuwonkhetsa okha mawa lake. Koma ndinene chimodzi chimene palibe wanena. Zonsezi zimadalira monita akhale pa senta mpaka asayine. Ine ndinaona ndi maso anga monita wa chipani china, mtsikana wamng'ono, sanadye chidzukireni, owatuma sanamubweretsere ngakhale madzi, itakwana 9 koloko usiku anatsanzika kuti kwathu nkutali ndilibe tochi. Fomu inapita popanda siginecha yake ndipo kope yake palibe anatenga. Mawa lake chipani chomwecho chili pawayilesi kuti atibera

Madala Obanda: Ndalama zimathera ma t-shirt ndi zitenje

Yamikani: A Mphatso ndingatumize zimene mwalembazi kwa mnzanga uja? Akuti iye atha kulemba app yovotera pa weekend imodzi

Mphatso wa IT: Tumizani. Mumufunsenso kuti app yakeyo ikanena kuti uje wapeza 420 ine nkuti ayi ndi 120, titsegula chani kuti tione wonama

Che Joni: Adzati blockchain kkkkk

Mphatso wa IT: Akatero mumuwonjezere pa gulu lino ndithane naye ndekha, admin alole

Admin: Ngwakumudzi kwathu?

Yamikani: Ayi ngwa ku Ntcheu koma anakwatira mwana wa a Nachisale aakulu

Admin: Ndiye ndi mkamwini, tumizani nambala ku inbox